Ngongole ya malata 24

## Kope la chipepeso

Pa maliro a kwathu, munthu wogwira ntchito ya maakaunti salira momasuka. Ukangofika, usanasase n'komwe fumbi la mu minibasi, amakupatsa kope ndi bolopeni. Choncho mu Ogasiti 2024, agogo aamuna atatisiya kumudzi kwathu chakufupi ndi Kamwendo ku Mchinji, ine ndinatha masiku awiri pa kabenchi pambali pa siwa, mbale ya pulasitiki pamiyendo, ndikulemba chipepeso. Uyu K500, uyu K1,000, amayi a chigwirizano K20,000 ya mu envelopu.

Tsiku lachiwiri chakumasana kunatulukira kagalimoto ka nambala ya Zambia, kodzaza mpaka kumbuyo. Abale a ku Chipata. Kwathu kuno zimenezo si nkhani, malire anadutsa pakati pa mabanja, ndipo palibe maliro amene amatha popanda wina wolira m'Chinyanja chothira Chibemba pang'ono. Mmodzi wa iwo ananjuta pa kabenchi kanga n'kuika m'mbale mapepala asanu okhala ndi nkhwazi. Ndinalemba K500 mwachizolowezi, pansi penipeni pa K500 ya mayi wina wogulitsa tomato. Msuweni wanga amene ankandithandiza kuwerenga anandigwira mkono.

"Achimwene, fufutani. Imeneyo yaposa ya mpingo."

Sankanama. K500 ya Zambia tsiku limenelo inali yoposa K30,000 yathu, ngakhale titawerengera mtengo wa ku banki. Ndinalemba mzere pakati pa tsamba, mbali ina M, mbali ina Z.

Womaliza kutsika m'galimotomo anali nkhalamba ya jekete yakuda yoperepeseka m'khosi, ndodo m'manja. Mlongo wawo wa agogo aakazi, amene ife timangoti agogo a ku Chipata. Sanaponye kanthu m'mbale. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani, kenako analowa m'siwa kukakhala ndi mlongo wawo.

Kumanda, malume analankhula mawu aja amene salephera pa maliro: ngati alipo amene malemu anali nawo ngongole, kapena amene anakongola kwa malemu, asachite manyazi, atipeze tisanabalalike. Nthawi zambiri mawu amenewa amangopita ndi mphepo. Koma m'mawa mwake, anthu akumanga akatundu awo, agogo aakazi anatuluka, mpango wakuda kumutu, n'kunena kuti pasapezeke wonyamuka.

"Ngongole ilipo. Eni ake ndi achimwene angawa akhala duu apawa. Sanena okha, ndimawadziwa."

Atatero analoza denga la nyumba imene tonsefe tinakuliramo.

## Mmene K50 inawolokera

Agogo a ku Chipata anachoka kumudzi ali mnyamata, nthawi ya chitaganya, Chipata akadatchedwa Fort Jameson. Anakathera ku Mufulira, kalaliki pa mgodi wa mkuwa. Masiku amenewo munthu sankasintha ndalama pa Mwami, malire a Malawi ndi Zambia. Paundi imene unkalandira ku Mufulira ndi yomweyo unkagulira mchere ku Lilongwe, ya Bank of Rhodesia and Nyasaland, yolingana ndendende ndi paundi ya ku Britain. Ufulu utabwera mu 1964, wathu mu Julayi, wawo mu Okutobala, dziko lililonse linadinda paundi yake, koma zonse ziwiri zinkalemera chimodzimodzi.

Kusiyana kunayambira ku London. Mu Novembala 1967 Britain inatsitsa paundi yake kuchoka pa madola 2.80 kufika pa 2.40. Malawi inatsatira. Zambia inakana, chifukwa mkuwa unkagulidwa bwino ndipo m'thumba munali mphamvu yokanira. Ndiye pamene kwacha ya Zambia inkabadwa mu Januwale 1968, ziwiri kupanga paundi imodzi, inali madola 1.40. Yathu inabwera mu Febuluwale 1971, nayonso ziwiri pa paundi, koma paundi yake yotsitsidwa ija, choncho inali madola 1.20. Zonse ziwiri zinkaposa dola. Ndimati ndikauza anzanga ku ofesi amaganiza kuti ndikucheza.

Dzina analitenga pa bwalo limodzi. Kuno Kamuzu ankakuwa "Kwacha!" anthu n'kuvomera, uko a UNIP, chipani cha Kaunda, ankati "Kwacha!" khamu n'kuyankha "Ngwee!" Iwo anatenga yankholo n'kulisandutsa makobidi awo, ife tinatenga tambala wa chipani. Ngakhale Kaunda mwiniwake, bambo ake anachokera kuno, anatumidwa ndi a mishoni ya Livingstonia kukatsegula ntchito ku Chinsali. Koma akuluakulu sanasinthe pakamwa msanga. Agogo aamuna mpaka imfa yawo K2 ankaiti paundi, 10 tambala ankaiti sheleni, ngakhale zonse ziwiri zinali zitasiya kale kugula kanthu.

Mu 1974 kalaliki wa ku Mufulira anabwera pa tchuthi, wotchi pamkono, wayilesi paphewa. Kwacha yawo inali itakwereranso kuposa dola ndi theka, chifukwa dola itatsitsidwa mu 1973 iwo sanasunthe. Anapeza mlongo wawo ali ndi mwana wakhanda, amene ndi mayi anga, m'nyumba yodontha, mphasa akuisuntha usiku wonse kuthawa madontho. Anaitanira alamu awo kuseri kwa nkhokwe n'kuwapatsa mapepala asanu a K10 okhala ndi nkhope ya Kaunda. Atakasintha ku boma, K50 ija inabala pafupifupi K65 ya Malawi. Inagula malata 24 ndi misomali yake, ndipo anabwera nawo pa ngolo, mudzi wonse uli pamsewu kuonerera.

"Ndibweza fodya akagulidwa, alamu."

Fodya anagulidwa chaka chimenecho, ndi chotsatira, ndi chinacho. Koma fodya wa mlimi wa m'mudzi masiku amenewo sankasiya chenji. Panali msonkho, khadi la chipani, fizi, ndiye ana ankangobadwa.

## Zaka zosekana

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo Zambia inalibe china chogulitsa kunja chokhala ngati mkuwa. Boma linayamba kukongola poyembekeza kuti mtengo ubwerera. Sunabwerere msanga. Mu 1976 anaitsitsa kwacha, kenako kutsitsa kunakhala kwa kawirikawiri. Mu Okutobala 1985, potsatira malangizo a IMF, bungwe la dziko lonse lokongoza maboma ndalama, anayamba kugulitsa madola pa okushoni sabata ndi sabata, ngati mabelo a fodya pa Kanengo. Dola imene inali pafupifupi K2.20 inafika K5 pa okushoni yoyamba yomweyo, ndipo pofika Epulo 1987 inali K21. Chapakati pomwepo, mu Disembala 1986, boma litakweza mtengo wa ufa, anthu a ku migodi anachita zipolowe ndipo ena anafa. Pa 1 Meyi 1987 Kaunda anatsazikana ndi IMF n'kukhomera dola pa K8. Msomali umenewo sunagwire. Pofika 1992, Chiluba atalowa m'malo mwa Kaunda, dola inali itadutsa K100, ndipo mitengo ya zinthu inkawirikiza kawiri chaka chisanathe.

Yathu nayo inkatsetsereka, koma mwaulemu. Kamuzu anaimangirira poyamba ku paundi, kenako ku ndalama zingapo zakunja, ndipo pofika 1990 dola inali isanafike K3. Kugwa kwenikweni tinakumva mu Febuluwale 1994 ataileka kuti iyandame: chaka chinayamba dola ili pafupifupi K4.50, chinatha ili pa K15. Komabe poyerekeza ndi za kutsidya, ife tinkaoneka ngati anthu.

Agogo aakazi anatiuza m'mawa uja kuti mu 1996 amuna awo anakwera njinga mpaka ku Chipata, kumene alamu awo anakhazikika atapuma ntchito, ndalama ya fodya ili m'thumba, cholinga akabweze. Anagonako masiku awiri n'kubwera nayo. Nthawi imeneyo dola inali itadutsa K1,000 ya Zambia, ndipo K50 sinkagula ngakhale bokosi la machesi. Kupereka K50 kukanakhala kutukwana. Kupereka yambiri kunkafuna wina atchule nambala. Wokongola anati, nenani alamu. Wokongoza anati, mwini ngongole ndinu, mukudziwa. Anamwa mowa wa masese, n'kukambirana za mvula.

Ine ndinafika ku Chipata koyamba mu 2010, ndili mnyamata wongoyamba kulandira. Pa Mwami ndinasintha K40,000 n'kupatsidwa ndalama yoposa miliyoni. Kwacha yathu imodzi inkagula zawo zoposa 30. Ndinajambulitsa ndi mapepala a K50,000 atayalidwa pabedi, ndipo ndinaseka abale anga sabata yonse. Botolo la zoziziritsa kukhosi mapini angapo, chifukwa iwo 1,000 amaiti pini. Ndinkati, inu ndalama mumayeza pa sikelo? Ankangoseka nane. Sindinaganizepo kuti nkhalamba imene inkandipatsa mpando pakhonde inali itadutsa m'moto umene unabala maziro amenewo.

Ndipo kuseka kwanga kunalibe maziko. Chaka chotsatira tinkagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu, Bingu ataikanikiza dola pa mtengo umene unali wa pa pepala basi. Pa 7 Meyi 2012, Joyce Banda atangolowa, dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Kenako pa 1 Januwale 2013 boma la Sata ku Zambia linadula maziro atatu pa kwacha yawo: K1,000 yakale inasanduka K1, ngwee imene inali itazimirira n'kubwereranso. Ufa ku Chipata sunatsike mtengo ngakhale pang'ono usiku umenewo. Koma kutacha, kwacha yawo imodzi inali yoposa K60 yathu, ndipo oseka anakhala iwo. Msuweni wanga wina ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha: "Sikelo ilipo?"

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani iyi imandivuta ndikaimva mu minibasi. Anthu amati kwacha ya Zambia ndi yamphamvu, taonani imodzi ikugula zathu makumi angapo, nafenso tingodula maziro. Kudula maziro kumapepuza chikwama ndi ntchito ya makashiya, basi. Mu Januwale 2013 dola inali K5 ndi makobidi ku Lusaka, kuno ili pafupifupi K340. Mu Ogasiti 2024 inali pafupifupi K26 uko, kuno K1,751. Mukagawa, mupeza kuti pa zaka 11 zonsezo kwacha yawo inangokhala cha pa 65 yathu, koyambirira ndi kothera. Pakatipo zinkasiyana n'kukumananso, iwo atalephera kubweza ngongole zakunja mu Novembala 2020, ife titatsitsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinkagwera m'chitsime chimodzi, wina pamwamba wina pansi, tikusekana. Izitu ndi za pa pepala. Za pa msewu ndinakaziona pambuyo.

## Pansi pa mtengo wa mango

Anayala mphasa ziwiri. Agogo aakazi ndi amayi mbali imodzi, agogo a ku Chipata pa mpando wa ndalema, mwana wawo wamwamuna pambali pawo, malume pakati. Mwa mwambo nkhalambayo ndiyo mwini mbumba, koma kutalika kunachititsa kuti malume azigwirizira, ndipo tsikulo mwini mbumba analinso mwini ngongole, choncho nkhani inalibe woiweruza. Ndi pamene malume anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa maakaunti, tatiuza. K50 ya Zambia ya 1974 lero ndi zingati?"

Ndinasangalala, ndisaname. Masiku awiri ndikulemba ma K500, tsopano sukulu yanga inali itapeza ntchito. Ndinatulutsa foni.

Ndinati mayankho alipo angapo. Tikatsata lamulo la ku Zambia, K50 yakale tiidule maziro atatu, itsala 5 ngwee. Kakobidi kakang'ono kuposa tonse. M'ndalama yathu ndi K3.

Mwana wa agogo a ku Chipata anaseka mpaka kutsokomola. "Imeneyo ngakhale mwana akaiona pansi satola."

Ndinati tikatsata imene agogo aamuna anagwira m'manja atasintha, ndi K65 ya Malawi. Malume anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa K100 ya Sangala yofiirira ndi thukuta, n'kuiika pamphasa. "Malume, chenji musunge." Onse anaseka, ngakhale amayi amene maso anali akadali otupa. Agogo aakazi okha ndi amene sanaseke.

Ndinati tikadutsira ku dola, K50 ija inali pafupifupi madola 78, ndipo pa mtengo wa ku banki ndi K136,000 ndi kanthu. Kuseka kunachepa. Ndinapitiriza kuti komatu dola nayonso inaonda, dola ya 1974 inkagula zinthu zimene lero zimafuna madola asanu ndi imodzi, choncho nambala yachilungamo ikudutsa K800,000. Apa pamphasa panati zii. Malume anatola K100 yawo ija mwakachetechete.

"Dola ikulowa bwanji?" anatero. "Pamene ankapatsana kuseri kwa nkhokwe dola inalipo?"

Mwana wa agogo a ku Chipata anayankha kuti ngati dola sikulowa, ndiye maziro atatu nawonso asalowe, chifukwa nawonso kuseri kwa nkhokwe kunalibe. Mawu anayamba kukwera. Munthu amene tinamuika dzulo lake, maluwa asanafote, ndipo ana a mlongo ndi mlongo anali atayamba kulozana zala.

Ine m'malo mokhala chete ndinaona ngati nambala ina ingaziziritse zinthu. Ndinati kunena zoona, kwacha imene inagwa kwambiri ndi ya Zambia. Pobadwa, dola inali 71 ngwee, lero tikabwezera maziro aja ndi K26,000, kutanthauza kuti inagwa maulendo oposa 36,000. Yathu inayamba pa 83 tambala, lero K1,751, maulendo 2,100 okha. Ndinanena monyadira, ngati ndagoletsa chigoli pa Bingu Stadium.

"Mdzukulu wanga, zimitsa kafoniko."

Anali mawu oyamba a agogo a ku Chipata m'mawa wonse. Anayedzamira ndodo yawo ndi manja awiri.

Anati anapuma ntchito mu 1988, atakhala pa mgodi zaka pafupifupi 30. Ndalama imene anawapatsa anali asanaionepo chibadwire. Anaiwerengera bwinobwino, munthu wa kalaliki: nyumba ya njerwa ku Chipata, chigayo cha dizilo, yotsala ya sukulu ya ana. Anaisiya ku banki podikira kuti mapepala a malo atuluke ndiponso kuti chigayo chipezeke, chifukwa nthawi imeneyo m'masitolo munalibe katundu, unkalembetsa dzina n'kudikira. Mwezi uliwonse ankapita kukafunsa, mwezi uliwonse mtengo unali wina. Chaka choyamba anasiya za nyumba kuti apulumutse chigayo. Chaka chachiwiri anasiya za chigayo. Pamene ankakatapa yotsala, inagula njinga ya Eagle, matumba a simenti owerengeka ndi wayilesi.

"Palibe wakuba anathyola chitseko. Buku la ku banki ndili nalo mpaka lero, nambala zake sizinasinthe."

Kenako anakweza ndodo kuloza denga. Malata akuda ndi dzimbiri, ena atapsinjidwa ndi njerwa m'mphepete.

"Pa ndalama zonse ndinagwira ku Mufulira, imene ikadagwirabe ntchito ndi iyo. Ndikabwera kuno ndimagona pansi pa kwacha yanga. Inu mukuti mundibwezere, mundipatsa chiyani choposa apo? Mapepala? Mapepala ndinawaona."

Foni ndinali nditaiika kale m'thumba. Maulendo 36,000 amene ndinanena mokondwa aja anali chigayo cha munthu uyu. Ndakhala ndikulemba mitengo ya dola m'mabuku a kuntchito zaka zoposa khumi, mzere wa kusintha kwa mtengo wa ndalama ndimaudzaza mwezi ndi mwezi, koma ndinali ndisanakhalepo moyang'anizana ndi munthu amene mzere umenewo unamudya.

Malume anapuma mozama ngati nkhani yatha, wokongoza wakhululuka. Koma agogo aakazi anagwedeza mutu.

"Achimwene, inu mwakhululuka, ine sindinakhululuke. Amuna anga anandisiyira mawu pa chipatala. Anati usandigoneke ndi malata a alamu. Zaka 50 munthu akayang'ana kumwamba asanagone amaona ngongole. Mukufuna akaionenso kumene wapitako?"

Ndipo anaitana kamnyamata kamene kankasewera ndi galu, anakauza kuti kazungulire nyumba kawerenge. Kanabwera kakuti 24, koma awiri ndi oyera. Agogo anati inde, awiriwo anasasuka ndi mphepo chaka china, tinasintha, koma obwera pa ngolo anali 24.

"Sanakongole kwacha ya Kaunda, sanakongole ya Kamuzu, sanakongole dola ya mwana uyu. Anakongola denga. Kwanuko kulibe nyumba yodontha?"

Inalipo. Mwana wamkazi wa nkhalambayo, wamasiye, anali m'nyumba ya udzu ndi ana anayi. Nkhalamba inayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako inaomba m'manja pang'onopang'ono.

## Pa Mwami

Tinasonkha abale, aliyense mmene angathere, ndipo wonyamula anasankhidwa ine, mwina ngati chilango. Tinagwirizana kuti malata akagulidwe ku Chipata komweko, kupewa kukoka katundu pa malire ndi zolipira zake.

Mu Okutobala ndinanyamuka ndi chibulu cha ma K5,000 chomanga ndi labala. Pepala limeneli linatuluka mu 2022, ndipo lili ndi nkhope ya Kamuzu, munthu amene pa nthawi yake K20 inali ndalama yoopsa kuyenda nayo. Ku Lilongwe ndinayesa kumene amasintha ndalama mwalamulo. Mtengo unali pa bolodi, wooneka bwino, koma kwacha ya Zambia kunalibe, dola kunalibe. Anandiuza kuti ndiyesenso sabata ya mawa.

Pa Mwami pano pali chinyumba chatsopano chimene Chakwera ndi Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, umadinditsa mbali zonse pamalo amodzi. Koma anyamata a mipukutu akadalipo, kunja kwa mpanda, tikwama tawo pamimba. Sindikunyadira, ndikungonena zimene ndinachita. Mmodzi anandiyandikira, kakyuleta m'manja, n'kulemba nambala yoyandikira 100. Ndinamuonetsa foni yanga, pamene panalembedwa 60 ndi kanthu.

Anaiyang'ana mwaulemu ndithu. "Bwana, imeneyo ndi ya mu foni. Kaguleni mu fonimo."

Apa ndi pamene kuwerengera kwanga kuja, kwakuti kwacha ziwirizi zagwa mofanana chiyambire 2013, kunatsimphina. Ku Chipata munthu akaona mtengo wa dola pa bolodi amalowa n'kugula. Kwathu mtengo wa pa bolodi ndi wa anthu ochepa amene amaupeza, ena tonse timagula wa kunja kwa mpanda. Wa iwo ukagwa umagwera poyera, tsiku ndi tsiku, aliyense akuona. Wathu timaugwira mpaka mkono utatopa, kenako umagwa tsiku limodzi ngati mu 2012 ndi mu 2023. Sindikudziwa kuti kwa mayi wogula ufa chopweteka pang'ono ndi chiti, koma tsikulo ndinapereka chibulu n'kulandira timapepala tolowa m'thumba la malaya popanda kutukumuka. Pamalo omwe aja ndinakhalira miliyoneya mu 2010.

Agogo a ku Chipata anaumirira kuti apite nawo ku hadiweya. Mnyamata wa m'sitolo anasolola lata limodzi, lowala ngati galasi. Nkhalamba inaligwira pakona ndi zala ziwiri n'kulipinda. Linapindika ngati chivindikiro cha chitini.

"Ili ndi pepala. Alamu sanakhome zoterezi."

Anafuna a geji 28, okhuthala. Mnyamata anawerengera, ine ndinawerengeranso, ndipo ndalama imene pa mtengo wa mu foni ikanakwana bwinobwino inafika pa malata 19. Ndinawachonderera kuti titenge opyapyala 24 nkhani ithe, agogo aakazi apume. Anakana. Anati mwana wawo akhoma 19, khonde lidikira.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza agogo aakazi akusola mtedza pakhonde. Sanadikire kuti ndikhale.

"Mwamaliza?"

Ndinati atsala asanu, n'kufotokoza za geji ndi za anyamata a pa Mwami. Anamvetsera osakweza maso. Atatha anati amuna awo abweza 19, ndipo pa zaka zawo n'zokwana, apume. Asanuwo ndi a amene anatumidwa n'kubwera ntchito isanathe.

Kope la chipepeso lija lili kwa ine. Pa tsamba lomaliza sindinalembe mzere wa M ndi Z. Ndinalemba kuti malata 5, geji 28, Chipata. Mu Malichi 2025 a Zambia anatulutsa mapepala atsopano, a K200 ndi K500, ndipo msuweni wanga uja ananditumizira chithunzi cha K500 yatsopanoyo pa WhatsApp. Pansi pake analemba kuti khonde likadali la udzu, ndipo agogo akufunsa ngati ndibwere mvula isanayambe.